Foni ikugwira netiweki pa Kamwendo pokha, ikafika kumudzi zii

Wamafoni pa Kamwendo: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndathedwa nzeru kuno. Mayi ena andibweretsera foni yomwe inagwa ali pa kabaza. Sikirini anasinthitsa kwina. Chichokereni kumeneko foniyi ikugwira netiweki ikakhala pafupi ndi tawa basi, kamzere kamodzi. Akangolowera njira ya kumudzi kwawo, zii. Simu ndasintha, ndafulasha, dzulo ndawotcha network IC, kachipu ka netiweki, ndi blowa. Palibe chasintha. Ndigule IC ina?

Wamtedza ku Kapiri: Auzeni akwere pachulu ngati mmene timachitira ife kkkk

Madala a Wailesi pa Boma: Mwana wanga, wawotcha usanayeze? Anyamata a masiku ano blowa ndiye mwaiyesa jakisoni wochiza nthenda zonse.

Wamafoni pa Kamwendo: Madala, nanga ndiyeza chiyani? Pa mita yanga mulibe poyezera netiweki.

aNaphiri Injiniya: Achimwene, musagule kaye IC. Foni yomwe ikugwira pafupi ndi tawa n'kumalephera patali, IC yake nthawi zambiri ndi yamoyo. Ikanafa sikanagwira ngakhale mutaitsamiritsa pa tawapo. Imeneyo yangogontha khutu. China chake pakati pa eriyo ndi IC chikudya siginolo. Yambani mwaona kawaya kowonda kaja kochokera pa bolodi yaikulu kupita pa kabolodi kapansi, kokhala ndi timitu tozungulira totsekera ngati batani. Osintha sikirini amakonda kukaiwala kapena kukaphwanya mutu.

Wamafoni pa Kamwendo: Ndiona ndikatsegula shopu. Koma achemwali, kawaya kamodzi kangathe kugonthetsa foni yonse? Si kangolumikiza chabe?

aNaphiri Injiniya: Apo ndiye pali nkhani yonse. Mundilole nditalikitse pang'ono, lero ndili pa tchuthi.

Siginolo yochokera pa tawa ikamafika pa foni kumudzi imakhala yochepa moti simungaiganizire. Mukaona foni yalemba -100 dBm, ndiye kuti mphamvu yafikayo ndi 0.0000000001 ya milliwatt imodzi. Foni yomweyo poyankha pa 4G imatulutsa mpaka 200 milliwatt, pa 2G ya 900 MHz mpaka 2 watt. Yerekezani nokha: chomwe ikukuwa chikuposa chomwe ikumva ka 1,000,000,000,000 ndi kupitirira. Ndipo pa 3G ndi pa ma band (magawo a mafunde) ambiri a 4G, kukuwako ndi kumvako zimachitika nthawi imodzi, pa eriyo imodzi. Zili ngati mwaima m'chigayo chikulira, inuyo ndinu mukuchiliza, koma mukufunika kumva munthu akunong'ona ali kutsidya kwa msewu wa ku Mkanda. Ntchito ya anthu opanga ma IC a wailesi ndi imeneyo basi. Zina zonse ndi nthambi.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Chitsanzo cha chigayocho ndaba, Lolemba ndikachigwiritsa ntchito mu Form 4.

Madala a Wailesi pa Boma: Zimene akunena mayiwa si zachilendo. Ife tinkakonza mawailesi a Nzeru ndi Supersonic. Mkati munkakhala tizitini tating'ono tokhala ndi mitu yopaka utoto, wina wachikasu, wina woyera, wina wakuda. Tinkapotokola ndi kasikuludiraiva ka pulasitiki mpaka mawu amveke bwino. Ukapotokola ndi kachitsulo, ukachotsa dzanja siteshoni yathawa. Timati ma IFT. A AM anali pa 455 kHz, a FM pa 10.7 MHz. Manambala amenewo ndidzafa nawo.

aNaphiri Injiniya: Madala mwandifupikitsira ulendo. Njira imeneyo ndi superheterodyne, ya Edwin Armstrong wa ku America, ya mu 1918. Nzeru yake ndi yoti kukuza ndi kusefa siginolo yothamanga kwambiri n'kovuta, ndiye umayamba waitsitsa. Wailesi imapanga siginolo yakeyake mkati, pa oscillator, n'kuisakaniza ndi yochokera kunja mu mixer. Chotuluka ndi kusiyana kwa ziwirizo. Mukafuna siteshoni ya pa 100 MHz, oscillator mumaiika pa 110.7, chotsala ndi 10.7. Mukafuna ya pa 90, oscillator ipite pa 100.7, chotsala ndi 10.7 yomweyo. Mukamapotokola chosakira masiteshoni mumakhala mukusuntha oscillator, tizitini ta madala tija timangodikira pa 10.7 pomwepo.

Wamtedza ku Kapiri: Ngati osintha ndalama a pa Mwami. Ubwere ndi ndalama ya dziko lililonse, utuluka ndi kwacha.

aNaphiri Injiniya: Kkkk ndendende, ndipo mixer nayo imadyapo pang'ono ngati iwowo.

Mwana wa Form 4: Pepani akuluakulu kulowerera. Ndiye mufoni muli tizitini timeneto? Ine ndinatsegulapo ya amalume sindinatione.

aNaphiri Injiniya: Funso labwino mng'ono wanga. Mulibe. Tizitini sitingalowe mu silicon, ndiye opanga ma IC a mafoni anasintha njira. Ambiri masiku ano amaika oscillator pa frequency yomweyo ya siginolo, kusiyana kwake n'kukhala ziro. Amati direct conversion kapena zero IF. Uthenga umatsikiratu pansi kamodzi n'kamodzi, kenako umasandutsidwa manambala, purosesa n'kumaliza ntchito. Koma njirayi ili ndi minga yake. Oscillator ija imadontha, imalowa kukhomo kolowera siginolo, n'kudzisakaniza yokha, ndipo chotuluka ndi DC, mphamvu yosasinthasintha ngati ya batire, yomwe imakhala pamwamba penipeni pa uthenga womwe ukufuna. Zinatenga zaka kuti anthu aphunzire kuichotsa bwinobwino mkati mwa chipu. Lero ndi chifukwa chake foni ya batani yotchipa ili ndi 2G, Bluetooth ndi FM m'kachipu kosaposa chikhadabo.

Madala a Wailesi pa Boma: Ndiye n'chifukwa chake tiwailesi ta ku China tatsopanoti mulibe chopotokola. Ukatsegula upeza kachipu kamodzi, RDA5807, ndi crystal. Kakafa kafa. Ntchito yathu anaipha anthu amenewa.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Madala, anaipha kalekale. Transistor inatuluka ku Bell Labs mu 1947, Jack Kilby wa ku Texas Instruments anaonetsa IC yoyamba mu 1958, Robert Noyce wa ku Fairchild anabwera ndi yake ya silicon mu 1959. Kungoti mbali ya wailesi ndi yomwe inakanitsitsa kulowa mu chipu. Achemwali atiuze chifukwa chake, ine ndimangodziwa za m'buku.

aNaphiri Injiniya: Zifukwa zilipo zingapo koma chachikulu ndi ichi: pa frequency yokwera, waya sakhalanso waya. Pa magetsi a m'nyumba a 50 Hz, waya wa millimeter imodzi si kanthu. Koma waya yemweyo ali ndi inductance, khalidwe lotchinga magetsi osinthasintha, pafupifupi 1 nH, ndipo pa 2.4 GHz ya WiFi ndi Bluetooth, 1 nH imeneyo imatchinga ngati 15 ohm. Pomwe njira yonse ya siginolo inapangidwira 50 ohm. Mwaona? Millimeter imodzi yokha yasokoneza kale. Mizere iwiri yoyandikana imasanduka capacitor osaifuna. Chala chanu chikayandikira chimasintha zinthu, n'chimodzimodzi kasikuludiraiva kachitsulo ka madala kaja.

Za 50 ohm zija, ganizani za mapaipi a mthirira kudimba. Mukalumikiza paipi yaikulu ku yaing'ono popanda cholumikizira choyenera, madzi ena amabwerera, pampu n'kumavutika. Siginolo nayo imabwerera ikapeza kuti kutsogolo sikukufanana ndi komwe yachokera. Tizinthu tating'onoting'ono tomwe mumationa tazungulira network IC, tooneka ngati mchenga, tambiri ndi ma inductor ndi ma capacitor oyanjanitsa njirayo. Kamodzi kakasowa, foni siifa, koma imagontha.

Wamafoni pa Kamwendo: Mmm. Ngati mchenga mwati?

aNaphiri Injiniya: Eya. Bwanji?

Wamafoni pa Kamwendo: Palibe. Pitirizani.

Wamtedza ku Kapiri: Waulutsa kena kake ndi blowa ameneyu kkkkk

Madala a Wailesi pa Boma: Ndinanena ine.

Mwana wa Form 4: Nanga bwanji osangoika amplifier yamphamvu kwambiri kuti siginolo yofookayo ikule? Ngati mmene amachitira a zokuzira mawu pa ukwati.

aNaphiri Injiniya: Chifukwa amplifier imakuza zonse, uthenga ndi phokoso lomwe, n'kuwonjezerapo phokoso lakelake. Chinthu chilichonse chofunda chimapanga phokoso la magetsi, ngakhale resistor ili phee patebulo. Pa kutentha kwa m'chipinda phokosolo ndi -174 dBm pa Hz iliyonse, ndipo palibe injiniya angalichotse, ndi chilengedwe. Pa kanjira ka GSM (2G) ka 200 kHz limakwana pafupifupi -121 dBm. Foni ya GSM imayenera kumva mpaka -102 dBm. Mpata wotsalawo ndi womwe timalimbirana.

Harald Friis wa ku Bell Labs analemba mu 1944 kuti phokoso la gawo loyamba ndi lomwe limalamulira mzere wonse. Zili ngati uthenga wa maliro: woyamba kutumidwa akasokoneza dzina la womwalira, onse otsatira, ngakhale akhale ndi mawu okweza bwanji, afalitsa bodza lomwelo. Ndiye gawo loyamba pambuyo pa eriyo ndi sefa limakhala LNA, low noise amplifier, yomwe ntchito yake ndi kukuza mwaulemu osaonjezera zake. Ndipo chilichonse chotayika LNA isanafike, monga pa kawaya kophwanyika kaja, sichibwereranso. Mutayapo 20 dB, mwataya magawo 99 pa 100 alionse.

Komanso LNA yomweyo isakhale yofewa kwambiri. Munthu akaima pansi pa tawa, kapena foni ya mnzake ikukuwa pambali, siginolo yaikulu imaidzaza mpaka kuyamba kupotoza, n'kubala tima frequency tabodza togwera pa kanjira kako. Ukafuna isapotoze uipatse magetsi ambiri, batire lithe msanga. Ukachepetsa magetsi phokoso likwera. Bulangete lake ndi lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda. Kupanga IC ya wailesi, RF IC, ndi kusankha mbali yomwe ugone ikuzizidwa.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Pa batire pomwepo. Ana amandifunsa chifukwa chake foni imatha moto msanga kumudzi kuposa pa Boma.

aNaphiri Injiniya: Ndi power amplifier, ena mumati PA. Tawa imauza foni kuti kweza mawu kapena tsitsa. Pafupi imalankhula motsitsa, kutali imakuwa ndi mphamvu zonse, ndipo pafupifupi theka la moto womwe PA yadya kapena kuposa limasanduka kutentha. N'chifukwa chake foni imafunda kukhutu mukamaimba muli kodera kovuta netiweki. PA kawirikawiri sikhala mu chipu chimodzi ndi zinazo. Amaipanga ndi gallium arsenide osati silicon wamba, ndipo makampani ake ndi ena, monga Skyworks ndi Qorvo. Transceiver, chipu chotumiza ndi kulandira siginolo, ndiye imachokera kwa eni purosesa, MediaTek, Qualcomm kapena Unisoc. Ndiye mukamati network IC, funso ndi loti iti? Pali transceiver, pali PA, pali switch ya eriyo, pali masefa.

Wamafoni pa Kamwendo: Ine ndinawotcha yaikulu ija ili m'kati mwa kachitini.

Madala a Wailesi pa Boma: Osadziwa n'komwe dzina lake. Ambuye atichitire chifundo.

Wamtedza ku Kapiri: Ine langa ndi lina. Bwanji foni ikakhala pafupi ndi sipika imayamba kulira tititi tititi isanaitane? Agogo anga ankati wailesi yalosera.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Iyi ndiyankhe ine. Pa 2G mafoni 8 amagawana kanjira kamodzi mosinthana. Iliyonse imalankhula kanthawi kochepa kwambiri n'kukhala chete, kenako kulankhulanso pakatha 4.6 millisecond. Ndiye PA ikuyaka ndi kuzima ka 217 pa sekondi. 900 MHz khutu silingamve, koma 217 Hz limamva, ndipo mawaya a sipika amaitola. Foni imayamba yayankhana ndi tawa isanalire, n'chifukwa chake sipika imatsogola.

aNaphiri Injiniya: Aphunzitsi mwakhoza, 10 pa 10. Ndipo kusinthanako n'komwe kunapeputsa 2G: siimva ndi kulankhula nthawi imodzi, ndiye switch imakwanira. 3G itabwera panafunika duplexer, sefa ya mbali ziwiri yotchinga kukuwa kwa PA kuti kusalowe mu LNA. Masefa amenewa, SAW ndi BAW, ndi odabwitsa. Amasandutsa magetsi kukhala kunjenjemera kwa kamwala, n'kubwezanso ku magetsi. Coil yojambulidwa pa silicon singasefe mwakuthwa chotero, imataya mphamvu yambiri. Band iliyonse imafuna sefa yake. Ndiye foni ina yogulidwa kunja ikamakana 4G kuno, kawirikawiri si kulodzedwa, ilibe sefa ya band yomwe ikugwiritsidwa ntchito kuno, ndipo kufulasha sikungameretse sefa.

Mayi a Salon pa Boma: Ine zanuzi zandipitirira, koma ndithandizeni ichi. Ndikapita kwa achemwali anga kufupi ndi malire foni imalemba netiweki ya ku Zambia, ndipo tsiku lina mayunitsi anathera osadziwa. Ndi IC imeneyo?

aNaphiri Injiniya: Ayi mayi, IC ikugwira bwino ntchito yake. Mafunde sadziwa kuti pa Mwami pali chipata. Foni ikataya tawa ya kwathu, imasaka ina yomwe simu ikuloledwa kulowa, ndipo ya mbali ya Chipata ikakhala yamphamvu imakakamira komweko. Kuno ma frequency amagawa ndi a MACRA, ku Zambia ndi a ZICTA, koma phiri ndi dambo sizimvera ofesi. Lowani mu settings, posankha netiweki muchotse automatic musankhe nokha yanu, ndipo data roaming muzimitse.

Mayi a Salon pa Boma: Zikomo achemwali, Mulungu akudalitseni. Nanga timapepala tomata kumbuyo kwa foni toti timakoka netiweki?

aNaphiri Injiniya: Ndalama imeneyo mugulire tomato.

Mwana wa Form 4: Funso lomaliza, pepani. Kodi Mmalawi angathe kupanga chipu chotere? Kapena ndi za azungu ndi ma China basi?

Wamtedza ku Kapiri: Tiyambe tapanga kaye machesi osathyoka mphwanga.

Madala a Wailesi pa Boma: Usanyoze iwe. Wailesi ya Nzeru inkalumikizidwa konkuno ku Malawi, ndi manja a anthu akuda ngati ako.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Kulumikiza ndi kupanga chipu n'zosiyana madala. Fakitale ya ma chipu imadya madola mabiliyoni, imafuna magetsi osaphethira ngakhale sekondi imodzi ndi madzi oyera kuposa akumwa. Ife tisanamizane.

aNaphiri Injiniya: Nonse mukunena zoona koma mwasakaniza zinthu ziwiri. Kuumba chipu ndi kwina, kuchijambula ndi kwina. Qualcomm ndi MediaTek alibe fakitale zawo zoumbira. Amajambula, n'kutumiza kwa ena monga TSMC ya ku Taiwan, yomwe Morris Chang anaiyambitsa mu 1987 ndi cholinga chomwecho choumbira anthu ena. Wojambula amangofunika mutu, kompyuta ndi mapulogalamu.

Ntchito yake imayenda chonchi. Umayamba ndi manambala: phokoso lisapose apa, kukuza kufike apa, magetsi asapose apa. Ujambula dera lako la ma transistor, uliyesa pa kompyuta, osati kamodzi, koma pozizira -40 ndi potentha 85 digiri, batire litadzaza ndi litatsala pang'ono, komanso poganizira kuti fakitale siumba ma transistor ofanana ndendende tsiku lililonse. Kenako layout, kujambula mzere uliwonse wa chitsulo momwe udzakhalire pa silicon. Apa m'pomwe anthu amalira, chifukwa ukawerengera tima capacitor ndi tima inductor tosafuna tobwera ndi mizereyo, dera lomwe limaoneka bwino lija lasuntha frequency. Ubwerere, ukonze, uyesenso. Ukatumiza ku fakitale umadikira miyezi, ndipo chikabwera cholakwika palibe blowa, palibe sodala. Uyambirenso ndi ndalama zina.

Mapulogalamu omwe makampani amagwiritsa ntchito, monga Cadence Virtuoso ndi Keysight ADS, ndi odula zedi. Koma mu 2020 Google ndi SkyWater anatsegulira aliyense zinsinsi za njira yawo ya 130 nm, ndipo IHP ya ku Germany inatsegulanso yake ya silicon germanium yomwe ndi yoyenera kwambiri za wailesi. Xschem, ngspice, Magic ndi KLayout ndi zaulere. Choncho mwana wa ku Mkanda yemwe ali ndi laputopu ndi bandulo angathe kujambula LNA lero lino. Sindikunena kuti ipikisana ndi ya MediaTek. Ndikunena kuti chitseko chomwe ife tinachipeza chokhoma tili pa Poly, pano n'chotsegula.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Bandulo ndi laputopuyo ndiye phiri lake. Pasukulu pathu kompyuta zoyaka ndi zowerengeka pa dzanja limodzi.

aNaphiri Injiniya: Sindikukana. Komabe asayambire pa chipu. Mng'ono wanga, limbikira masamu ndi Physics, makamaka complex numbers ukadzafika pamenepo, chifukwa Smith chart, tchati yomwe timayanjanitsira njira ya siginolo, yonse yagona pa izo. Pakadali pano pita kwa madala Loweruka ukaphunzire kugwira sodala. Upange eriyo ya FM: pa 100 MHz funde limodzi ndi mamita 3, ndiye ndodo ziwiri za 75 cm iliyonse, uone mmene wailesi ya Mudziwathu imvekere poyerekeza ndi kawaya kongolendewera. Pa 900 MHz funde ndi 33 cm, kota yake 8 cm, n'chifukwa chake eriyo imakwana m'foni. Ukadzapeza kandalama ugule RTL-SDR, kooneka ngati fulashi, uzidzaona mafunde ndi maso pa sikirini. Kenako MUBAS, yomwe ife tinkaitcha Poly.

Madala a Wailesi pa Boma: Abwere, koma abwere ndi ulemu ndi sodala wake. Wanga watsala pang'ono.

Mwana wa Form 4: Zikomo kwambiri madala, ndifika Loweruka m'mawa ndikachoka kumunda.

Wamafoni pa Kamwendo: Akuluakulu ndabwera. Achemwali munalondola. Kamutu ka kawaya kaja kanali kophwanyika mbali imodzi, anangokakanikiza ndi chala n'kumata tepi pamwamba. Ndasintha ndi ka pa foni ina yakufa.

Wamtedza ku Kapiri: Nanga mchenga uja?

Wamafoni pa Kamwendo: Iwe khala chete. Chabwino, ndivomere. Nditayang'ana ndi galasi ndapeza malo awiri opanda kanthu pafupi ndi switch ya eriyo. Pa bolodi yakufa ya mtundu womwewo, amodzi ndi opanda kanthu chimodzimodzi, koma enawo pali kanthu. Ndiye kamodzi ndinaulutsa ineyo dzulo. Ndakasamutsa ndi tweezer, katatu kakundithawa.

aNaphiri Injiniya: Mwachita bwino kutenga pa bolodi yofanana, chifukwa tinthu timeneto sitilembedwa ndipo mita wamba singakuuzeni kuti ndi ka 2 nH kapena 10. Tsopano musadalire timizere. Ngati ndi Android imbani *#*#4636#*#* muone nambala ya dBm, mafoni ambiri amalola. Muyerekeze ndi foni ina yabwino, simu ya kampani yomweyo, mutaima malo amodzi.

Wamafoni pa Kamwendo: Yokonzedwayi -89, yanga -87. M'mawa ndisanayambe ndinaona mu settings inali pa -113.

Aphunzitsi a Physics ku Mkanda: Kusiyana kwa 24 dB. Ndiye kuti imalandira gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 250.

Madala a Wailesi pa Boma: Mayiwo uwalipiritsa zingati, poti theka la matendawo unawapatsa ndiwe?

Wamafoni pa Kamwendo: Ya kawaya yokha madala. Ndawauza akafika kumudzi andiflashe ndione ngati yagwira.

Wamafoni pa Kamwendo: Aflasha.